Mungadziwe bwanji ngati dampu la mgodi lidzasiya lokha kutulutsa asidi

Ambirife kuno ku Harare tili ndi abale ku Mazowe, Shamva kaya Arcturus komwe madimba ali kumunsi kwa madampu a migodi (milu ya miyala ndi dothi zotayidwa pokumba), ndiye funso limangobwerabwera, kodi madzi ofiira aja adzayera okha liti? Zimenezi zimawerengedwa abale, maso okha sangakuuzeni.

Asidiyo amachokera ku pyrite, mwala wonyezimira uja umanamiza anthu kuti ndi golide. Ukakumana ndi mpweya ndi madzi umatulutsa asidi, ndipo mabakiteriya ena amafulumizitsa zinthu. Koma m'dampu momwemo mumathanso kukhala miyala ya laimu ngati calcite ndi dolomite yomwe imapha asidiyo. Ndiye nkhani yagona poti chiyambe kutha nchiti, laimu kapena pyrite.

Tengani masampulo malo angapo ndipo kumbani ndithu, zapamwamba zinawauka kale ndi dzuwa ndi mvula zikupusitsani. Pitani nawo ku labu, mwachitsanzo Institute of Mining Research ku University of Zimbabwe, akuyezereni salufa wa mu pyrite komanso NP, kutanthauza mphamvu yopha asidi. Peresenti ya salufayo muchulukitse ndi 31.25, mupeza makilogalamu a laimu ofunika pa tani imodzi. Tinene salufa ndi 2 peresenti, apo pafunika 62.5, ndiye NP ikatuluka 40 mukaigawa ndi 62.5 uja mupeza 0.64. Chiwerengerochi chikakhala pansi pa 1 nthawi zambiri asidi amabwera, pakati pa 1 ndi 2 sizidziwika, kupitirira 2 mtima ukhaleko pansi, ngakhale ena amafuna 3.

Pomwe anthu amaphonya mpa nthawi. Madzi atha kukhala pa pH 7 (pH ndi muyeso wa asidi, 7 ndiye kuti mulibe asidi, ikamatsika asidi akuchuluka) zaka zambiri chifukwa laimu akadalipo, aliyense nkumati dampuli lilibe vuto, kenaka laimu kutha pH nkutsika mpaka cha pa 4 pomwe aluminiyamu amaigwirako pang'ono, kenaka cha pa 3, ndipo pamenepo zitsulo zasungunuka kale zili m'madzi omwe ana akusamba. Zimandiwawa ine zimenezi chifukwa zimatheka kudziwiratu. Pemphani humidity cell, amaika sampulo m'kabokosi, kuipitsa mpweya ndi kuitsuka sabata iliyonse kwa masabata osachepera 20, nkumayeza sulphate (imaonetsa salufa yemwe akutha) ndi calcium (imaonetsa laimu yemwe akutha) zomwe zikutuluka. Gawani NP ndi laimu yemwe akutha pa chaka, gawaninso salufa ndi yemwe akutha pa chaka, muone zaka zochepa zili mbali iti, mbali imeneyo ndiyo iyambe kutha. Zakazo musazitenge ngati lonjezo, mu labu zinthu zimathamanga kuposa kutchire, komanso laimu wotsekeredwa mkati mwa chimwala chachikulu sagwira ntchito. Funsaninso ngati muli siderite, mwala wina wokhala ndi chitsulo, amakweza NP papepala koma phindu lake palibe.

Pakadali pano gulani timapepala ta pH muziyeza chitsime ndi mtsinje mwezi ndi mwezi nkumalemba, makamaka mvula yoyamba ya Novembala yomwe imakokolola mchere wa asidi wouma m'chilimwe.

Kudikira chilengedwe sikophweka ayi. Mtsinje wa Yellow Jacket pafupi ndi mgodi wa pyrite wa Iron Duke ku Mazowe umadziwika ndi vuto lomweli, ndipo ku Rio Tinto ku Spain komwe Aroma ankakumba madzi akadali ofiira mpaka lero. Chiwerengero chanu chikakhala pansi pa 1 kanenani ku EMA, bungwe la boma loona za chilengedwe, eni mgodi athire laimu ndi kukwirira dampulo ndi dothi la makande kuti mpweya ndi madzi zisalowe.