Musanayambe kusonkhetsa ndalama kunja kuno, imvani za migolo yathu

Kupempha thandizo kunja kuno si kovuta. Amalawife tili ndi mtima wachisoni, kavidiyo kamodzi ka madzi akukokolola nyumba kakangogwa pa gulu la WhatsApp, mafoni amayamba kulira okha. Pogona nkhani ndi pa ulendo wa ndalamayo, kuchoka m'thumba la nesi wa ku Leeds kukafika m'manja mwa agogo ku Phalombe. Ine ndinapsa pamenepo, ndiye mundipirire, ndiyambira pomwepo.

Mu Malichi 2023, namondwe wa Freddy atagumula phiri la Soche matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ife Amalawi a mumzinda uno wa ku Britain tinapanga kagulu, ine n'kusankhidwa kukhala msungichuma. Ndalama zinabwera. Zovala, nsapato, mabulangete ndi mapoto nazonso zinabwera mpaka galaja ya achemwali ena inadzaza. Kenako panatulukira ejenti wotumiza katundu kumudzi, Mmalawi mnzathu, wofatsa pakamwa, chiganizo chilichonse chothera ndi "achimwene musadandaule". Anati katundu wachifundo salipira msonkho, iye ali ndi anthu ake padoko, pakangotha masabata asanu ndi atatu zonse zili mu Blantyre. Tinamulipira yonse, osalemberana ngakhale kapepala. Tinachezera usiku kupinda zovala n'kumazitsindira m'migolo yabuluu ija, wina kukhala pachivundikiro kuti chitseke, wina kulemba m'mbali mwake: Chilobwe, Mulanje, Phalombe.

Masabata aja anasanduka miyezi. Poyamba akuti sitima yachedwa. Kenako akuti kontena ili ku Beira koma pakufunika kangachepe. Tinatumiza. Kenako akuti yafika kumudzi koma ikufuna msonkho, chifukwa kalata yochotsera msonkhoyo palibe anaipempha. Ndi pamene ndinadziwa kuti katundu sakhala wachifundo chifukwa inu mwamutchula choncho. Pamafunika bungwe lolembetsedwa kumudzi loti limulandire, komanso chilolezo cha MRA, bungwe lotolera msonkho, chomwe munthu wanzeru amachipempha katundu asananyamuke n'komwe. Tsiku lililonse migolo ili mosungira katundu, ndalama ya malo imakwera. Mauthenga anga ejenti uja amawerenga ndithu, timizere tiwiri tija tikusanduka tabuluu ine ndikuona, koma kuyankha ayi. Uku pagulu anthu ayamba kufunsa: "A msungichuma, katundu uja ali pati?" Usiku wina munthu analemba kuti anthu ena amamangira nyumba ndalama za ovutika. Sanatchule dzina, koma msungichuma anali mmodzi.

Migolo inatuluka dzinja lina litayandikira, ina itatsegulidwa kale, mabulangete akununkha chinyezi. Nditakhala pansi ndi malisiti ndinapeza kuti zomwe zinathera pa ulendowo zikanagula mabulangete atsopano ku Limbe sabata yatsoka yomweyo, ufa n'kutsalira chenji.

Ndiye achimwene, achemwali, tumizani ndalama, musatumize kaunjika. Njira mukuzidziwa kale: Mukuru, WorldRemit, ndalama n'kugwera pa Airtel Money kapena Mpamba. Koma musatumize yonse kamodzi kuti izikagona mu akaunti kumudzi. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo amene anasunga ndalama ya malata m'makwacha anadzuka malata atachepa. Isungeni m'mapaundi kapena m'marandi mpaka tsiku logula, ndipo ngati n'kotheka lipirani sitolo yogulitsa simentiyo mwachindunji. Munthu akakuuzani kuti "ndipatseni mapaundi kuno, ine ndikupatsani leti yabwino kumudzi", mukaneni ngakhale mumapemphera naye. Ndalama ya gulu siyenda njira yopanda lisiti.

Kutsegula tsamba losonkhetsera ndalama pa intaneti ndi ntchito ya mphindi zochepa: ku Britain kuli GoFundMe ndi JustGiving, anzathu a ku Joni ali ndi BackaBuddy. Chomwe ambiri sawerenga n'chakuti GoFundMe situmiza ndalama ku banki ya ku Malawi. Imagwera mu akaunti ya munthu wa kunja kuno, kutanthauza inuyo, ndi dzina lanu. Musavomere kusenza nokha. Akaunti ikhale yapadera, yoyang'aniridwa ndi anthu awiri kapena atatu, ndipo Lamlungu lililonse ikani pagulu zomwe zalowa ndi zomwe zatuluka, ngakhale palibe wafunsa. Ine ndinkati anthu amandidziwa. Amandidziwadi, mpaka tsiku lomwe katundu anachedwa.

A ku Britain, musalonjeze anthu Gift Aid ngati simuli bungwe lachifundo lovomerezeka. Ndi ndalama yabwino, boma limawonjezera 25p pa £1 iliyonse yomwe wapereka munthu wolipira msonkho kuno, koma tsamba la munthu payekha silipeza. Ngati gulu lanu la ku England likutolera zoposa £5,000 pachaka ndipo mukufuna kupitiriza, kalembetseni ku Charity Commission, ofesi yoyang'anira mabungwe achifundo, apo ayi gwirani ntchito pansi pa mpingo womwe unalembetsa kale. Za rafo ya pa intaneti zisiyeni. Kugulitsa matikiti pa Facebook kuti wina awine foni ndi juga pamaso pa lamulo la kuno, imafuna chilolezo, ndipo munthu amene viza yake ikudalira bwana sayenera kusewera pamenepo.

Tsopano nzeru zokopera anthu. Tisamatengere za eni dziko pomwe zathu zilipo. Chomwe chinatiyendera bwino koposa ndi perekaniperekani wa pa Facebook Live. Tinapeza mnyamata wodziwa kuyendetsa maukwati, nyimbo ikulira, iye akuitana: "A ku Mulanje nonse, ili ndi gawo lanu! Anesi a usiku muli kuti? Amene munadya chambo Khirisimasi yapitayi, bwerani!" Wina akatumiza, dzina limatchulidwa, nthungululu n'kumveka. Anthu omwe akanangodutsa linki mwakachetechete anapereka kawiri kuti boma lakwawo lisachite manyazi. Pepa Sande nayo imagwira kunja kuno monga kumudzi, bola abusa akhale atavomera ndipo owerenga ndalama akhale awiri. Kuphika nsima Loweruka n'kugulitsa mambale kumakoka ngakhale anzanu a kuntchito, koma werengerani mtengo wa holo, nsomba ndi ufa musanalengeze, chifukwa ndinaonapo phwando lodzaza anthu phindu lake losakwana thumba la simenti.

Polemba pempho, lekani mawu oti "tithandize ovutika". Nenani chinthu chooneka: denga la kalasi imodzi, malata angati, mtengo wa lata limodzi lero. Munthu amafuna kunena kuti lata lija ndi langa. Ndipo chonde, lekani kujambula ana a eni akulira, ovala zong'ambika, n'kumawamwaza pa intaneti makolo osafunsidwa. Mwana wanu mungalole? Jambulani khoma lomwe lagwa, kenako mudzajambule lomwe mwamanga, lisiti lili pambali.

Wokalandira kumudzi asakhale mlamu wanu yekha. Pakhale komiti ya sukulu kapena ya mpingo, amfumu adziwe, ndipo katundu aperekedwe pamaso pa anthu. Tinayambiranso choncho chaka chotsatira ndi kalasi imodzi yokha, ndipo pagulu panalibe wofunsa kuti ndalama zili pati chifukwa malisiti amafika iwo asanafunse.

Ejenti uja nambala yake ndikadali nayo. Mwezi wathawu ndinaona waika chithunzi cha kontena yatsopano, pansi pake atalemba kuti malo akadalipo, katundu wachifundo salipira msonkho.