Kukayezetsa awiri: momwe ndinawakokera abambo ake Chisomo kuchipatala

Ndili ndi pakati pa mwana wachiwiri, kusikelo anandiyeza HIV ndi chindoko, zonse n'kupezeka bwino. Nditawauza abambo ake Chisomo, anangoti, "Ndiye basi, ngati iwe ulibe, nanenso ndilibe." Amuna ambiri amayezetsa choncho, kudzera pachala cha mkazi. Komatu alipo mabanja ogona mphasa imodzi kwa zaka, wina ali nako kachilombo, wina alibe. Magazi anu sayankhulira mnzanu.

Chovuta si jakisoni ayi, ndi kayambidwe ka nkhani. Musaiyambe mutangokangana, kapena mutangoona uthenga wokayikitsa pafoni yawo, chifukwa pamenepo imasanduka mlandu. Ine ndinadikira Lamulungu madzulo, titadya, mwana atagona. Ndinati "tiyeni tikayezetse", osati "mukayezetse". Iwo nkhope gwa: "Kodi ukundikayikira?" Ndinawayankha kuti, "Bambo, musanandikwatire nanenso ndinali ndi moyo wanga. Ndikudzikayikira ndekha." Anakhala duu, kenako anafunsa kuti tipita liti. Tsikulo litchuleni pompo, apo ayi mudzamva "tiona" mpaka chimanga kucha.

Musanatuluke m'nyumba, gwirizanani ngati mukamvere limodzi zotsatira, chifukwa mlangizi akakufunsani zimenezo. Tengani mabuku anu akuchipatala, mulawirire. Kuchipatala cha boma kuyezetsa HIV n'kwaulere. Amabaya chala, kadontho ka magazi, mphindi ngati 15 zotsatira zatuluka. Kachida koyamba kakaonetsa kachilombo, amatsimikiza ndi tizida tina. Ngati pali amene anagona ndi wina posachedwa popanda kondomu, mudzabwerenso pakatha miyezi itatu, poti kachilombo kongolowa kumene sikaoneka msanga. Amanyazi angayambe ndi kachida kodziyezera kunyumba, kopaka m'nkhama n'kudikira mphindi 20, koma mizere iwiri ikatuluka mukatsimikizebe kuchipatala.

Pamene ambiri timaphonya ndi apa: kuyezetsa HIV sikuti mwayezetsa matenda onse opatsirana pogonana. Chindoko pemphani nokha kuti akuyezeni. Chimayamba ndi kachilonda kosapweteka komwe kamapola kokha, munthu n'kumati wachira pomwe matenda alowa m'kati, ndipo kwa mayi woyembekezera chimatha kupha mwana m'mimba. Mankhwala ake ndi jakisoni wa penicillin, wa m'thako, wowawa ndithu koma wochiza.

Chinzonono nacho m'zipatala zing'onozing'ono zambiri sachiyeza ndi makina, amapereka mankhwala potengera zomwe mwafotokoza komanso zomwe aona. Ndiye musabise kanthu: mafinya, kuwotcha pokodza, chikazi chonunkha, kupweteka m'chinena, njerewere kumaliseche. Adokotala anamva kale zoposa zanuzo. Amayi ambiri amakhala nacho chinzonono osamva chilichonse, n'chifukwa chake mmodzi akapezeka nacho, onse awiri amalandira mankhwala. Mukapita nokha amakupatsani kakalata koti mukapatse mnzanu. Musakataye m'chimbudzi kakalatako! Mukamwa nokha mankhwala, mnzanuyo adzakubwezerani matendawo sabata yomweyo. Malizani mankhwala onse, ndipo mupirire masiku 7 osakhala malo amodzi. Zogula makapisozi awiri pagolosale zija n'kungowaphunzitsa matenda kulimba.

Ndinenenso ichi, poti mabanja ena asweka nacho pachabe: si kuyabwa kulikonse kapena chikazi chilichonse chomwe chimachokera kwa mwamuna woyendayenda. Mauka ena amabwera okha, makamaka ukakhala ndi pakati kapena ukangomaliza kumwa maantibayotiki. Mufunse adokotala musanaitane ankhoswe.

Zikapezeka kuti mmodzi ali ndi HIV, amayamba ma ARV msanga, nthawi zambiri tsiku lomwelo, ndipo akamamwa mwandondomeko mpaka kachilombo kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Winayo afunse za PrEP, mankhwala oteteza munthu yemwe alibe kachilombo kuti asakatenge, ndipo makondomu asasowe pansi pa pilo. Ngati ngozi yachitika usiku wathawu, monga kuphulika kwa kondomu, pali PEP, mankhwala omwa pambuyo pa ngoziyo kuti kachilombo kasakhazikike, koma muyambe maola 72 asanathe. Mafunso ochititsa manyazi mutha kuimba 929, Chipatala cha pa Foni, kwaulere.

Ife tsiku limenelo tinakhala pabenchi pafupifupi maola awiri, abambo ake Chisomo chipewa chili kumaso kuopa anzawo a kabaza. Mlangizi atatiuza zotsatira, anatuluka thukuta kamukamu, akundiuza kuti iwo sankaopa n'komwe. Pobwerera anandigulira tchipisi cha pachiwaya, ndipo kathonje ka pachala anafika nako kunyumba.