Momwe mungapezere medical card ku Ireland, ndi zochita matenda akagwa mwadzidzidzi

Ku Ireland, kukaonana ndi dokotala wa m'dera lanu, yemwe amamutcha GP, nkolipira, ndipo ndalama zake si zamasewera. Medical card, yomwe imaperekedwa ndi bungwe la boma loona zaumoyo la HSE, imakupeputsani: kwa GP simulipira, ndipo ku pharmacy mumangopereka €1.50 pa mtundu uliwonse wa mankhwala, osapyola €15 pamwezi, ngati simunafike zaka 70.

Yambani ndi mapepala. Mukhale ndi nambala ya PPS (nambala yomwe boma limakudziwirani pa za msonkho ndi thandizo la boma) komanso umboni woti mukukhala m'dzikomo ndipo mukhalamo chaka chathunthu kapena kuposera apo. Kalata ya lendi imathandiza. Amene munabwera kudzaphunzira pa Stamp 2 (chilolezo chokhala m'dzikomo cha ophunzira) musadalire khadili, lamulo limafuna kuti mukhale ndi inshuwalansi yanuyanu.

Kenako pali kuwerengera zomwe mumapeza pasabata, ndipo apa mpamene ambiri amagwa ulesi msanga. Malire ake ndi €184 kwa munthu wokhala yekha wosafika zaka 66, ndi €266.50 kwa banja, kuwonjezerapo €38 pa aliyense wa ana awiri oyamba. Wina akangoona manambalawa amati basi, ine sizikundikhudza. Dikirani kaye. Iwo amawerengera zotsala msonkho utachotsedwa, ndipo amaganiziranso lendi, ndalama zolipira wolera mwana ndi thiransipoti yopitira kuntchito. Ndi momwe lendi ilili ku Dublin, mayi wogwira ntchito yosamalira okalamba akhoza kupezeka kuti ndi woyenera. Choncho sungani ma payslip ndi malisiti onse, ngakhale a basi. Ngati mwapyola malire koma matenda akukudyerani ndalama zambiri, tumizanibe fomu pamodzi ndi lipoti la dokotala, chifukwa HSE ili ndi mphamvu yopereka khadi poona mavuto anu.

Lembetsani pa mymedicalcard.ie kapena dzazani fomu ya MC1. Pafunikanso GP wovomera kukulandirani. Atatu akakukanani, lembani mayina awo, HSE idzakupezerani wina. Khadi likakanika, funsani za GP visit card, khadi lokuthandizani kuonana ndi GP osalipira. Ana osakwana zaka 8 ndi okalamba a zaka 70 kupita m'tsogolo amalandira imeneyi mosayang'ana chuma.

Matenda akagwa mwadzidzidzi, za khadi ziiwaleni kaye. Imbani 112 kapena 999, kapena thamangirani kuchipatala, ku emergency department, komwe amalandira odwala mwadzidzidzi. Adzakuthandizani, bilu ibwera pambuyo: €100 ngati mulibe medical card kapena kalata yochokera kwa GP. Ndalama zolipira pogonekedwa m'chipatala cha boma anazithetsa mu April 2023 kwa okhala m'dzikomo.

Wodwala akakhala kayakaya, pali khadi lachangu lomwe limatha kutuluka m'maola 24. Limeneli simupempha nokha. Uzani dokotala kapena social worker wa pachipatalapo kuti atumize lipoti ku HSE wodwalayo akadali m'wodi.