Momwe mungapangire zotsekemera za pakhomo popanda kuthira shuga

Tsiku limene mayi anga anawapeza ndi matenda a shuga, tinayenda chinunu kuchoka pachipatala mpaka pasiteji. Titakhala m'minibasi ya ku Area 25 ndi pamene anayankhula: "Ndiye kuti chigumu changa cha Lamulungu chathera pomwepa?" Mayi saphonya tiyi wa 4 koloko, ndipo tiyi wopanda chotsitsira amati ndi madzi otentha chabe. Ndinawamvera chisoni kwambiri, chifukwa ndinkadziwa kuti tikangowalanda zonse tsiku limodzi azidya mobisa. Papita zaka ziwiri tsopano. Chigumu chikadaphikidwabe Lamulungu lililonse, koma shuga wa m'paketi salowamo. Nazi zimene tinachita, mwa ndondomeko yake.

Choyamba: werengani masupuni

Musanasinthe chilichonse, tengani tsiku limodzi muwerenge shuga amene akulowa m'kamwa mwanu. Supuni yaing'ono ya tiyi imanyamula magalamu pafupifupi 4. M'chaka cha 2015 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti shuga wothira asafike pa gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu zimene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa munthu wamkulu amenewa ndi masupuni pafupifupi 12, ndipo bungweli linati kutsika mpaka masupuni 6, omwe ndi magalamu 25, n'kwabwino koposa.

Tsono ganizirani tsiku wamba la mu Lilongwe muno. Masupuni atatu m'tiyi wam'mawa, awiri m'phala, botolo la Coca-Cola la 300 ml masana lomwe palokha lili ndi masupuni pafupifupi 8, kenako mandasi pobwerera kunyumba. Dzuwa lisanalowe mwadutsa kale malire. Zogula m'sitolo muziyang'ana kuseri kwa paketi pomwe alemba kuti sugars, n'kugawa nambalayo ndi 4 kuti mupeze masupuni. Yogati wa sitiroberi, maheu a m'botolo ndi sikwashi wosungunula zidzakudabwitsani.

Apa ndi pomwe ambiri amapusitsika: uchi ndi juwisi wofinya kuchokera ku zipatso, WHO imaziika m'gulu lomwelo la shuga wothira. Shuga wabulauni nayenso ndi shuga basi. Chipatso chodya chathunthu ndicho sichiwerengedwa m'gululi, popeza ulusi wake umachititsa kuti shuga alowe m'magazi pang'onopang'ono, ndiponso chimakhutitsa msanga. Malalanje atatu ofinya mumamwa m'kamphindi, koma kuwasenda ndi kuwadya atatu onsewo si aliyense angamalize.

Chachiwiri: tsitsani pang'onopang'ono

Ngati mumathira masupuni atatu, sabata ino thirani awiri ndi theka, sabata yamawa awiri, choncho mpaka pansi. Lilime limazolowera. Patatha mwezi ndi theka mayi analawa tiyi wa kwa aneba n'kunena kuti akulira kukhosi. Amene ali kale ndi matenda a shuga atsatire zimene awauza kuchipatala pa liwiro lake.

Chachitatu: nthochi zakupsa kwambiri zilowe m'malo mwa shuga

Apa ndikhalitsapo, chifukwa chigumu ndicho chinapulumutsa mtendere pakhomo pathu. Nthochi ikamapsa, sitachi yake imasanduka shuga, n'chifukwa chake ya mawangamawanga akuda imatsekemera kuposa yachikasu yosalala. Pitani kumsika wa Lizulu kapena wa m'dera lanu chakumadzulo, mufunse nthochi zimene zafewa. Amayi ogulitsa amakhala akufuna zichoke zisanawonongeke, ndiye amatsitsa mtengo, mwinanso kukuikirani basera.

Zofunika ndi izi: nthochi zikuluzikulu 5 zakupsa kwambiri, makapu 2 a mgaiwa, dzira limodzi, theka la kapu ya chambiko, masupuni aakulu 2 a mafuta ophikira, theka la supuni yaing'ono ya soda, ndi kamchere kotsina ndi zala. Ngati muli ndi sinamoni thiranimo pang'ono. Fungo lake limachititsa kuti chinthu chimveke chotsekemera kuposa mmene chilili.

Kanyani nthochi ndi foloko kapena muzisinje mumtondo mpaka zikhale ngati phala. Menyanimo dzira, thirani chambiko ndi mafuta. M'mbale ina sakanizani mgaiwa, soda ndi mchere, kenako phatikizani zonse. Musatakase nthawi yaitali, ufa ukangobisika basi. Chambiko ndi wofunika chifukwa kuwawasa kwake ndi kumene kumadzutsa soda kuti chigumu chifufume. Ndipo soda musapyoze muyeso: ulendo woyamba ndinathira supuni yodzaza poganiza kuti chifufuma bwino, chinatuluka chofiirira, chikumveka sopo m'kamwa, moti tinapatsa nkhuku.

Pakani mafuta m'poto, kapena yalanimo tsamba la nthochi lowambidwa pamoto kuti lifewe. Pambaula siyani makala ochepa pansi, ambiri muike pamwamba pa chivundikiro. Moto wapansi ukachuluka chimapserera kunsi m'kati muli mwamadzi. Dikirani mphindi 35 mpaka 45, mubaye mpeni pakati. Ukatuluka wouma chapsa. Mu uvuni ikani pa madigiri 180. Chisiyeni chizizire musanadule, apo ayi chimanyenyeka.

Msakanizo womwewu, mukauumitsa pang'ono ndi ufa, ndi wa zitumbuwa. Kungoti zitumbuwa zomiza m'mafuta zimamwa mafuta ambiri, ndiye ife timaziphwatalatitsa n'kuziwotcha pachiwaya chopaka mafuta ochepa, mbali iyi kenako inayo.

Chachinayi: mbatata ndi maungu

Mbatata yongokumbidwa kumene siitsekemera kwenikweni. Isiyeni masiku angapo pamalo ouma ifote pang'ono, monga ankachitira agogo kumudzi, kenako muikwirire m'phulusa lamoto kapena muiwotche pamoto wochepa. Kutentha kwapang'onopang'ono kumasandutsa sitachi kukhala shuga, ndipo muona timadzi tomata tikutuluka pakhungu lake. Yowiritsa mothamanga siifikapo pamenepo.

Sankhani yofiira m'kati, monga Kadyaubwerere kapena Zondeni. Ndikutero pa chifukwa: shuga wogulitsidwa m'Malawi muno amathiramo vitamini A, ndiye banja likachepetsa shuga ndi bwino vitaminiyu azichokera kwina. Mbatata yofiira m'kati, maungu, mango ndi papaya zili naye wambiri.

Futali ndiye sasowa n'komwe shuga. Wiritsani mbatata kapena dzungu m'madzi ochepa, zikafewa thirani nsinjiro ndi kamchere, mutakase, zibwate mphindi 10. Mtedza muusankhe bwino musanasinje, wachuku ndi wofota mutaye, chifukwa chuku cha mtedza chimakhala ndi poizoni wowononga chiwindi yemwe sachoka ngakhale muphike. Futali wozizira, wodulidwa tizidutswa, amakoma ndi tiyi wopanda shuga kuposa bisiketi iliyonse imene ndinagulapo.

Chachisanu: zozizira za nthawi yotentha

Okutobala akafika, ana amafuna mafirizesi, ndipo ambiri ogulitsidwa m'njira ndi madzi, shuga ndi utoto. Kunyumba kanyani mango akupsa kapena papaya, sakanizani ndi chambiko kapena yogati wosathira kanthu muyeso wofanana, thirani m'timapepala ta mafirizesi, ikani mufiriji. Zatha.

Malambe amafuna nzeru pang'ono poti ndi owawasa, ndipo n'chifukwa chake anthu amawakhuthulira shuga. Viikani makapu 2 a malambe m'makapu 2 a mkaka wofunda kwa theka la ola, tikitani ndi manja oyera kuti ufa uchoke kunthanga, sefani. Mukapeza phala lokhuthala. Kanyiranimo nthochi 3 zakupsa kwambiri, lawani, ngati akuwawasabe onjezerani ina. Malambe ali ndi vitamini C wambiri, ndipo kuwawasa kotsalako ndi kumene kumakomesa.

Amene ali ndi makina opera zipatso ayese izi: dulani nthochi zakupsa mawilomawilo, ziumitseni mufiriji usiku wonse, m'mawa muzipere ndi supuni yaikulu ya chiponde ndi timkaka pang'ono. Zimatuluka ngati ayisikirimu weniweni. Chiponde chikhale chosinja nokha kapena chimene sanathiremo shuga. Pangani zoti zithe tsiku lomwelo, chifukwa magetsi akazima n'kusungunuka, zamkaka si zabwino kuziumitsanso.

Chachisanu ndi chimodzi: tsatirani nyengo

Chipatso cha panyengo yake chimatsekemera chokha ndipo chimatchipa. Kuyambira Novembala mpaka Januwale mango a ku Salima amadzaza misika, pamodzi ndi masuku. Mvula ikamapita kumapeto kumabwera mapeyala ndi magwafa. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi ndi nthawi ya manachesi a ku Mwanza, ndipo malambe ndi bwemba zimapezeka m'chilimwe. Papaya ndi nthochi sizisowa chaka chonse.

Peyala ambiri tinakula tikulidya lowaza shuga. Yesani kulikanya ndi nthochi imodzi ndi supuni ya koko wosathira shuga, muziziritse ola limodzi. Alendo athu ena anakana kukhulupirira kuti munalibe chokoleti cha m'sitolo. Chinanazi chodula mawilo n'kuchiwamba pambaula mphindi zochepa chimatuluka uchi wakewake. Papaya amadzuka ndi madontho a ndimu.

Mango akachuluka mpaka kumawolera pansi, asendeni, dulani mopyapyala, yanikani pathandala loyera mutaphimba ndi kansalu ka neti kuti ntchentche zisatere. Poti imakhala nthawi ya mvula, sankhani masiku a dzuwa lamphamvu ndipo muzilowetsa madzulo. Akauma bwino amasungika m'botolo lotseka kwa miyezi. Koma kumbukirani kuti chouma chatha madzi okha, shuga yense ali momwemo. Kadzanja kamodzi n'kokwana.

Chachisanu ndi chiwiri: muyeso, alendo ndi zikondwerero

Ndinene mosabisa, chigumu cha nthochi ndi mgaiwa chimakwezabe shuga m'magazi. Chimaposa keke chifukwa chili ndi ulusi ndi zina zomanga thupi, koma si chodya theka la poto. Mayi amadya kachidutswa kofanana ndi mabokosi awiri a machesi, atadya kale chakudya chokhala ndi ndiwo zamasamba, osati m'mimba muli pululu. Mango amadya limodzi laling'ono, osati beseni monga kale. Tsiku la sikelo yawo ya shuga timanena kwa anamwino zimene akudya, ndipo iwo ndi amene amatiuza poti tichepetse. Mwana wosakwana chaka asapatsidwe uchi ngakhale pang'ono, chifukwa ungathe kumudwalitsa matenda oopsa ofoola thupi.

Chovuta kwambiri ndi kwa anthu. Kuchinkhoswe, kubridal shower, kumsonkhano wa amayi a kumpingo, amakupatsira botolo m'manja usanakhale n'komwe, ndipo kukana kumaoneka ngati mwano. Mayi anapeza mawu awo: "Zikomo kwambiri, koma adokotala anandiletsa, mundipatseko madzi." Palibe amene anakhumudwapo. Ikakhala nthawi yoti aliyense abweretse kanthu, timanyamula beseni la zipatso zodulidwa, chinanazi, chivwende ndi papaya, ndipo limabwerera lopanda kanthu. Pakhomo, alendo timawaikira shuga m'kambale pambali kuti adzithirire okha, m'malo mothira m'ketulo monse.

Shuga wa m'paketi musamutaye yense ngati m'nyumba muli munthu wobaya insulin kapena womwa mapiritsi ena otsitsa shuga. Nthawi zina shuga amatsika mopitirira, makamaka munthu akamwa mankhwala n'kuchedwa kudya. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera, thukuta lozizira, njala yadzidzidzi, chizungulire ndi kusokonezeka mutu. Zikatero, ngati munthuyo ali maso ndipo akutha kumeza, sungunulani masupuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga m'madzi amwe nthawi yomweyo, pakatha mphindi 15 ngati sizikusintha mubwerezenso, akatsitsimuka adye chakudya. Ngati wakomoka musamuthire kanthu m'kamwa, thamangirani naye kuchipatala. Kwathu kabotolo ka shuga kameneka kamakhala pashelefu yapamwamba, aliyense mpaka mdzukulu wamng'ono amadziwa pomwe kali, ndipo m'chikwama cha mayi cha kutchalitchi simusowa maswiti atatu okulunga m'kampango.