Musanalipire zambiri pa lesitilanti, onani izi kaye

Kwa inu amene mumadya kunja masana mu Lilongwe kapena Blantyre: mtengo wa pa menyu sukuuzani za kukoma kwa chakudya. Ndalama zambiri pamenepo zikupita ku lendi, mafuta a jenereta, msonkho wa VAT ndi mipando yawofuwofu ija.

Fikani cha m'ma 12 koloko muone amene akudya. Pomwe madalaivala ndi anthu a m'maofesi afola kudikirira nsima, miphika imatha tsiku lomwelo, ndiwo sizigonera. Malo owala koma opanda anthu, nkhuku yake mwina aitenthetsa kale kawiri.

Menyu ikatalika kwambiri, chenjerani. Pitsa, biriyani, bega, chambo, zonse khitchini imodzi? Zambiri zikuchokera mu firiji.

Pa chambo ndiye m'pofunika maso kwambiri, poti ndi pomwe anthu amabetsa ndalama. Pemphani akuonetseni chisanalowe m'mafuta. Maso ake akhale owala, makha ofiira, ndipo mnofu mukaudinda ndi chala ubwerere msanga. Funsaninso ngati ndi chambo cha kunyanja kapena makumba a m'madamu. Makumba ndi okoma ndithu, ine ndimawadya bwinobwino, koma asakulipiritseni mtengo wa chambo. Funso limeneli likhale pakamwa makamaka kumapeto kwa chaka, pamene amatseka usodzi kuti nsomba ziswane. Woperekera zakudya akayamba kuzembazemba, itanitsani nkhuku ya lokolo.

Ndipo funsiranitu ngati mtengo walembedwawo waphatikiza kale msonkho, bilu isadzakudzidzimutseni mutasamba kale m'manja.