Viza ya Anthu Aluso ya ku Australia: Kodi Ntchito Yanu ndi Mapepala Anu Zikukwanira?

Ku Australia ntchito iliyonse ili ndi nambala yake ya madijiti 6 m'kaundula wotchedwa ANZSCO, ndipo pempho lonse la viza ya anthu aluso limamangidwa pa nambala imeneyi. Civil Engineer ndi 233211, Software Engineer ndi 261313, mphunzitsi wa sekondale ndi 241411, makaniki wa magalimoto ndi 321211. Nambalayi ndiyo imakuuzani maviza omwe mungapemphe, bungwe lomwe liunike mapepala anu, komanso zaka zanu za ntchito zomwe ziwerengedwe. Mukaiphonya, zina zonse zimapotoka.

Sankhani nambala potengera zomwe mumachita

Dzina la udindo lomwe abwana analemba pa kalata yanu silithandiza kwenikweni. Oona mapepala amayang'ana zomwe mumagwira tsiku ndi tsiku, n'kuzifananiza ndi zomwe ANZSCO inalemba pansi pa nambalayo. Choncho musanatsegule kaundulayo, khalani pansi mulembe ntchito zisanu kapena zisanu ndi imodzi zomwe zimadya nthawi yanu yambiri pa sabata. Kenako fufuzani nambala yomwe ikufanana nazo.

Tengani chitsanzo cha ophika. Chef ndi 351311, Cook ndi 351411, kusiyana dijiti imodzi yokha. Koma Chef amakonza mndandanda wa zakudya, amawerengera mtengo wa zophikira, amayang'anira antchito a m'khitchini ndi kuwaphunzitsa. Cook amaphika zomwe wina wakonza kale. Munthu yemwe pa yunifolomu pake analembapo "Head Chef" koma ntchito yake ndi kukazinga zomwe wauzidwa, bungwe loona za luso limuwerenga ngati Cook. Ndipo kusiyanaku n'kwakukulu, chifukwa ntchito ziwirizi zili pa mindandanda yosiyana ya ntchito zomwe boma la Australia likufunira anthu ochokera kunja.

Mindandanda imeneyi ndi yomwe imatsegula kapena kutseka khomo. Viza ya 189, yomwe safuna kuti wina akuimireni ndipo imakupatsani ufulu wokhala m'dzikomo mpaka kale, imafuna kuti ntchito yanu ikhale pa mndandanda wa MLTSSL, wa ntchito zomwe dzikolo likuona kuti lizifuna kwa nthawi yaitali. Ya 190 imapatsanso ufulu womwewo, koma boma la chigawo, monga Victoria kapena Queensland, liyenera kukusankhani, ndipo chigawo chilichonse chimakhala ndi ntchito zake zomwe chikufuna chaka chimenecho. Ya 491 ndi ya zaka 5, yokakhala ndi kugwira ntchito kunja kwa Sydney, Melbourne ndi Brisbane. Mukakhala nayo zaka 3 mutha kupempha ya 191 yokhazikika. Palinso ya 482, yotchedwa Skills in Demand kuyambira pa 7 December 2024, yomwe imadalira kampani kukuitanani: simawerenga mapointi (omwe 189, 190 ndi 491 zimagwiritsa ntchito posankha anthu, monga tifotokozere kutsogoloku), koma imafuna chaka chimodzi cha ntchito yofanana ndi yomwe akukuitanirani, komanso malipiro osachepera malire omwe boma limaika. Kwa ambiri malirewo anali madola a ku Australia 76,515 pa chaka kuyambira pa 1 July 2025, ndipo amawakweza chaka ndi chaka. Mindandanda imasintha, ndiye onani pa webusaiti ya Department of Home Affairs tsiku lomwe mukuyamba, musadalire zomwe mnzanu anapeza zaka ziwiri zapitazo.

Bungwe loona za luso

Nambala iliyonse ili ndi bungwe lake. Mainjiniya amapita ku Engineers Australia, a zamakompyuta ku ACS, anamwino ndi azamba ku ANMAC, aphunzitsi ku AITSL, a ntchito zamanja ku Trades Recognition Australia, maakauntanti ku CPA Australia, CA ANZ kapena IPA. Ntchito zina zambirimbiri zimapita ku VETASSESS. Simusankha nokha bungwe lomwe mukuliona lofewa. Mndandanda unatchula kale.

Mabungwewa amafunsa zinthu ziwiri. Choyamba, kodi maphunziro anu akulingana ndi mlingo uti wa ku Australia? Digiri ya kunja ikhoza kuwerengedwa ngati digiri, koma ikhozanso kutsitsidwa kukhala pa mlingo wa dipuloma. Chachiwiri, kodi zomwe munaphunzira zikugwirizana ndi ntchitoyo? Apa satifiketi yokha siyankha. Amafuna transikiripiti yoonetsa phunziro lililonse lomwe munatenga, chifukwa amawerenga kuti mwa maphunziro onsewo ndi angati omwe akukhudza ntchito yomwe mwasankha. Ngati koleji yanu imachedwa kutulutsa transikiripiti, yambirani pamenepo, miyezi ingapo zina zonse zisanayambe.

Bungwe lililonse lili ndi pokolera pake. AITSL imafuna zaka 4 za maphunziro a ku yunivesite, kuphatikizapo masiku 45 ophunzitsa m'kalasi moyang'aniridwa, ndipo masikuwo ayenera kutsimikiziridwa ndi kalata ya yunivesite. Mphunzitsi wa zaka khumi m'kalasi amene ali ndi dipuloma ya zaka ziwiri kapena zitatu amakanidwa apa, ngakhale ali katswiri. Injiniya yemwe digiri yake inavomerezedwa pansi pa Washington Accord (mgwirizano wa maiko wovomerezerana madigiri a uinjiniya) amadutsa mosavuta. Ambiri mwa otsalawo amalemba lipoti loonetsa luso lawo lotchedwa CDR, lomwe limakhala ndi nkhani zitatu za ntchito zauinjiniya zomwe anagwira yekha. Lembani kuti "ndinachita", osati "tinachita", chifukwa akufuna kuona mbali yanuyo. Ndipo musagule CDR yolembedwa kale pa intaneti: amaiunika ndi makina ogwira zokopera, ndipo wogwidwa amaletsedwa kupemphanso kwa chaka kapena kuposerapo. VETASSESS, pa ntchito zambiri, imafuna chaka chimodzi cha ntchito yogwirizana kwambiri ndi nambalayo m'zaka 5 zapitazi. A zamagetsi ndi a mapaipi amayesedwanso ndi manja, osati mapepala okha. Anamwino azikumbukira kuti kalata ya ANMAC ndi ya viza basi. Kuti agwire ntchito m'chipatala ayenera kulembetsanso ku Nursing and Midwifery Board of Australia kudzera ku Ahpra (bungwe lolembetsa ogwira ntchito zachipatala), ndipo imeneyo ndi njira ina yakeyake.

Chomwe chimadzidzimutsa ambiri ndi kudulidwa kwa zaka. Bungwe limaika tsiku lomwe likuona kuti munafika pa mlingo wa munthu waluso, ndipo zaka za m'mbuyo mwa tsikulo sizipatsa mapointi. ACS ndiyo imadziwika nazo. Wa digiri ya zamakompyuta yogwirizana ndi ntchito yake amamudula zaka 2. Ngati digiriyo ndi ya zamakompyuta koma yosagwirizana ndi nambala yomwe wasankha, zimapita zaka 4. Wopanda maphunziro a zamakompyuta amadutsira njira ya RPL (yovomereza luso lomwe anaphunzirira pa ntchito), ndipo ngati ali ndi digiri ya zina amamudula zaka 6. Munthu wa zaka 6 pa ntchito akhoza kutsala ndi 4, kapena 2, kapena osatsala ndi kanthu.

Umboni wa ntchito

Mapempho ambiri amafera apa, ndipo si chifukwa choti munthuyo sanagwire ntchito. Ntchito yowerengedwa ndi yolipidwa, ya maola osachepera 20 pa sabata. Yongodzipereka siwerengedwa, ndipo nthawi yophunzira ntchito musanamalize maphunziro kawirikawiri siwerengedwanso.

Kalata ya abwana ikhale pa pepala la kampani, yokhala ndi tsiku lenileni lomwe munayamba ndi lomwe munasiya, maola a pa sabata, udindo wanu, malipiro, ntchito zazikulu zomwe munkagwira, ndi dzina, udindo ndi nambala ya foni ya wosainayo. Makalata ambiri omwe anthu amabwera nawo amangoti "anali wolimbikira ndi wokhulupirika". Zimenezo n'zabwino pofunsira ntchito, koma kuno sizinena kanthu. Bwererani kwa abwana mukawapemphe alembe ntchitozo mwatsatanetsatane: mtundu wa makina omwe munkakonza, kukula kwa mapulojekiti, chiwerengero cha anthu omwe munkawayang'anira. Ena amapita mbali inayo, n'kukopera mawu a ANZSCO liwu ndi liwu. Oona mapepala mawu amenewo amawadziwa pamtima, ndipo akangowaona amayamba kukayikira kalata yonse.

Kalata iyenera kutsagana ndi umboni woti munkalipidwa: mapepala a malipiro, sitetimenti ya ku banki yoonetsa ndalama zikulowa kuchokera ku kampaniyo, mapepala a msonkho kapena a penshoni. Pezani mitundu iwiri yosiyana, ndipo ikhudze poyambira, pakati ndi pomalizira pa nthawi yomwe mukuinena. Amene ankalandira malipiro pamanja amavutika kwambiri, ndipo nthawi zina nzeru ndi kungosiya zaka zimenezo osaziwerengera. Wodzilemba yekha ntchito aonetse satifiketi yolembetsera bizinesi, mainivoisi, makalata a makasitomala ndi mapepala a msonkho. Ngati kampani inatsekedwa, mabungwe ena amalandira chikalata cholumbira cha yemwe anali bwana wanu, koma pokhapokha umboni wa malipiro ulipo. Dziwaninso kuti oona mapepala akhoza kuimba foni kuntchito mosakuchenjezani. Wolandira foni akanena kuti ndinu kalaliki pomwe kalata ikuti ndinu akauntanti, nkhani yathera pomwepo.

Kuwerengera mapointi

Pa 189, 190 ndi 491 muyenera kukhala osakwana zaka 45 tsiku lomwe boma likukuitanani kuti mupereke pempho la viza, ndi mapointi osachepera 65. Msinkhu wa 25 mpaka 32 umapatsa 30. Wa 18 mpaka 24 ndi wa 33 mpaka 39 umapatsa 25. Wa 40 mpaka 44 umapatsa 15. Digiri ndi 15, PhD ndi 20, dipuloma kapena satifiketi ya ntchito yamanja ndi 10. Ntchito ya kunja kwa Australia m'zaka 10 zapitazi imapatsa 5 pa zaka 3, 10 pa zaka 5, ndi 15 pa zaka 8. Wosakwatira kapena wosakwatiwa amapeza 10. Wapabanja amapeza 10 ngati mnzakeyo naye ali ndi luso lovomerezedwa ndi Chingerezi chokwanira, 5 ngati ali ndi Chingerezi chokha. Kusankhidwa ndi chigawo kumawonjezera 5 pa 190 ndi 15 pa 491.

Chingerezi tachisunga pachokha chifukwa ndi pokhapo pomwe mungasinthe zinthu m'miyezi yochepa. Pa mayeso a Chingerezi a IELTS, 6 m'zigawo zonse zinayi imangokulowetsani pakhomo, mapointi palibe. Mukapeza 7 m'zonse mumatenga 10, mukapeza 8 m'zonse mumatenga 20. Amayang'ana chigawo chilichonse pachokha. Wopeza 8 pomvetsera, powerenga ndi polankhula koma 6.5 polemba amawerengedwa ngati wa 6, mapointi ziro. Amalandiranso mayeso ena monga PTE Academic, ndipo ambiri omwe kulemba kwa IELTS kwawakanika amayesa kumeneko.

Tiyerekeze injiniya wa zomangamanga wa zaka 31, wosakwatira, wa digiri, zaka 6 zovomerezedwa, IELTS 7 ponseponse. Msinkhu 30, digiri 15, ntchito 10, Chingerezi 10, umbeta 10: zonse 75. Pa 190 akhala ndi 80, pa 491 akhala ndi 90. Akangokwanitsa zaka 33, mapointi 5 apita tsiku lomwelo. Ndipo 65 ndi malire ongololedwa kulowa pamzere. Amaitana kuyambira a mapointi ambiri, ndipo pa ntchito zodzaza anthu monga za akauntanti ndi zamakompyuta, wa 65 akhoza kudikira mpaka pempho lake litatha mphamvu. Kwa munthu wotero, kukana 491 chifukwa chofuna Sydney yokha ndi kudzimana.

Dongosolo la kachitidwe

Lembani mayeso a Chingerezi poyamba, chifukwa mabungwe ena amawafuna asanaone china chilichonse. Kenako pezani kalata ya luso kuchokera ku bungwe loona za luso lija. Zikakhala m'manja ndi pomwe mulembetse EOI (fomu yoonetsa kuti mukufuna viza, yomwe imakuikani pamzere) pa SkillSelect, tsamba la boma la pa intaneti. Kulembetsako n'kwaulere ndipo kumakhala zaka 2, koma si pempho la viza. Kalata ya luso kawirikawiri imagwira ntchito zaka 3, ndiye onetsetsani kuti isathe mukanali pamzere.

Mu EOI lembani zokhazo zomwe muli nazo umboni lero. Wolemba zaka 6 pomwe bungwe linavomereza 4 amaitanidwa ndi mapointi omwe alibe, amalipira ndalama ya viza, kenako amakanidwa, ndalamayo osabwezedwa. Akakuitanani muli ndi masiku 60 okha opereka pempho lonse. Makalata a polisi amafunika ochokera ku dziko lililonse lomwe munakhalako miyezi 12 kapena kuposerapo m'zaka 10 zapitazi, ndipo ena amatenga nthawi, choncho dziwiranitu momwe amapezekera. Kuchipatala mumapita kwa madokotala okhawo omwe boma la Australia linawavomereza, ndipo amajambula pachifuwa kuona ngati muli ndi TB. Pepala lililonse lomwe silili m'Chingerezi limasuliridwe ndi katswiri womasulira, ndipo ngati dzina lanu linalembedwa mosiyana pa satifiketi ndi pa pasipoti, konzani chikalata cholumbira chofotokoza kusiyanako.

Pepala labodza limodzi, ngakhale ataliika ndi ejenti inu osadziwa, limakugwetserani lamulo la PIC 4020: pempho limakanidwa ndipo mumaletsedwa kwa zaka 3, kapena zaka 10 ngati akukayikira kuti ndinu ndani. Mukafuna thandizo, funsani ejentiyo nambala yake ya MARN (yomwe ejenti wolembetsedwa amapatsidwa), muifufuze pa kaundula wa OMARA, ofesi ya boma yolembetsa maejenti a zamaviza, musanamupatse kalikonse. Amene akukuuzani kuti mulipire ndalama kuti kampani ikuitanireni ntchito akukulowetsani m'mlandu, chifukwa lamulo la Australia limalanga wolandira ndalamayo ndi woperekayo yemwe.