Kumwa mowa muli pa mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi: zoti Amalawi a ku Harare adziwe

Pamaliro ku Mbare, paukwati ku Highfield kapena pamsonkhano wa bungwe lothandizana pamaliro, mowa susowa. Amene akumwa methotrexate, azathioprine, leflunomide, tacrolimus, ciclosporin kapena prednisolone ayenera kudziwa malire ake asanalandire botolo. Awa ndi mankhwala a nyamakazi yotupitsa mfundo, lupus, psoriasis, komanso a anthu amene anaikidwa impso ya munthu wina. Sali m'gulu la ma ARV.

Vuto lalikulu lili pachiwindi. Methotrexate ndi leflunomide amachilemetsa kale, ndipo mowa umaphwanyidwanso m'chiwindi momwemo. Chiwalochi chimawonongeka osamva ululu, moti maso akamachita chikasu zinthu zimakhala zitafika patali. N'chifukwa chake dokotala amayeza magazi pafupipafupi poyamba, kenako pa miyezi itatu iliyonse mlingo ukakhazikika. Ngati muli ndi hepatitis B, shuga, thupi lonenepa kwambiri, kapena mukumwa mankhwala a TB, mowa usiyeni ndithu. Kwa amene ali pa leflunomide malangizo athu ndi omwewo.

Dokotala akalola kumwa pang'ono, funsani kuti pang'onopo ndi pati. Malangizo a ku Britain amaika malire pa mayuniti (miyeso ya mowa) 14 pa sabata kwa munthu wathanzi, ndipo wa methotrexate azikhala pansi kwambiri pa apa, osamwa onse tsiku limodzi. Kawerengedwe kake: chulukitsani mamililita ndi peresenti yolembedwa pabotolo, mugawe ndi 1,000. Castle Lager wa 5% m'botolo la 375 ml ndi mayuniti pafupifupi 2. Botolo la 750 ml ndi 3.75. Mabotolo aakulu anayi Loweruka limodzi, mwadutsa kale malire a sabata yonse. Kabotolo ka 200 ml ka mowa waukali wa 40% ndi mayuniti 8.

Kachasu ndi musombodhiya sangawerengedwe, chifukwa palibe amadziwa mphamvu yake, ndipo nthawi zina mumakhala methanol, amene amachititsa khungu ndi kupha. Masese ofulula pakhomo amapitiriza kusasa, komanso madzi ake ndi chipanda chomwerana zimanyamula tizilombo. Kolera anavuta mu Harare mu 2008, 2018 ndi 2023, ndipo thupi lochepetsedwa chitetezo silichedwa kugonja ku matenda otsekula m'mimba.

Ambiri amavulala m'mawa mwake, pa matsire. Mutu ukamawawa amagula ibuprofen kapena diclofenac. Mapiritsi amenewa amachedwetsa impso kutulutsa methotrexate, amawonjezera kuwonongeka kwa impso kwa amene ali pa tacrolimus kapena ciclosporin, ndipo akakumana ndi prednisolone ndi mowa amatha kuyambitsa zilonda zotulutsa magazi m'mimba. Paracetamol ndiye wabwinoko, koma osapitirira magalamu 4 pa tsiku, ndipo amene wamwa mowa wambiri achepetse kuposa apo. Cotrimoxazole, amene ambiri timamudziwa kuti Bactrim, ndi woopsa kwambiri pamodzi ndi methotrexate: awiriwa amatha kuimitsa kapangidwe ka magazi m'mafupa. Musalandire piritsi kwa mnansi, ndipo kufamase nenani mankhwala anu onse musanagule chilichonse.

Chimene timaletsa kwambiri ndi kudumpha mankhwala kuti mukamwe bwino kuphwando. Methotrexate amamwedwa kamodzi pa sabata, pa tsiku lomwelo, ndipo vitamini ya folic acid pa tsiku lina. Kumwa mowa pa masiku enawo sikuteteza chiwindi. Tacrolimus wanthawi zonse amamwedwa pa maola 12 alionse. Kuiwala chifukwa cha kuledzera, kapena kusanza piritsi, kumatsitsa mankhwala m'magazi ndipo thupi limatha kuyamba kukana impso yatsopano. Mukaphonya musamwe awiri nthawi imodzi. Imbirani kuchipatala kwanu akuuzeni chochita. Prednisolone amene mwamwa kwa masabata angapo sasiyidwa mwadzidzidzi. A tacrolimus ndi ciclosporin apewenso chipatso cha grapefruit ndi madzi ake, chifukwa amakweza mankhwalawa m'magazi.

Popita kumudzi kudzera pa Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, mankhwala akhale m'chikwama cha m'manja, okwanira ulendo wonse ndi masiku ena apadera, pamodzi ndi kalata ya dokotala. Achibale akakakamiza chipanda, nenani kuti muli pamankhwala, mupemphe thobwa lophika bwino.

Thupi likatentha kufika 38°C, pakhosi pakapweteka, m'kamwa mukatuluka zilonda, maso akachita chikasu, mkodzo ukada, chimbudzi chikakhala chakuda bii, kapena mukayamba kubanika ndi chifuwa chouma, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ku Parirenyatwa, ku Sally Mugabe kapena kumene amakuonani. Tengani mapaketi a mankhwala, ndipo muwauze zoona za mowa umene mwamwa ndi tsiku lake, chifukwa dokotala amawerenga zotsatira za magazi potengera zimenezo.